Kachikwama ka M'chitsime cha ku Sirsanda

Mafupa anatuluka Lachiwiri m'mawa, makina okumba ngalande atagumula khoma la chitsime chakale chimene anthu a ku Sirsanda anali ataiwala kuti chinaliko. Woyendetsa makinawo ataona chigaza chikugubuduzika m'matope anazimitsa injini, n'kukakhala pansi pa mtengo wa nimu atagwira tsaya. Dzuwa lisanafike paliwombo mudzi wonse unali pamenepo. Anali mafupa a munthu mmodzi. Pachipumi panali bowo la chipolopolo, ndipo pakati pa nthiti panakanirira kachikwama kachikopa, kakuda bii, kokwana m'chikhatho.

Ku Sirsanda ngakhale wosapita kusukulu amadziwa kuti mu 1857, asilikali a m'dzikomo ataukira azungu a Kampani imene inkalamulira dzikolo, gulu lina lothawa linaphedwera chakufupi ndi mudziwo. Choncho panalibe wofunsa kuti munthuyu anafa bwanji. Funso linali lakuti ndi wa yani. Brijpal Singh, mwini minda yonse ya kuvuma kwa ngalande, anati ameneyo ndi agogo a agogo ake amene anapita kunkhondo osabwerako, ndiye mafupawo atenthedwe monga achitira Ahindu, pamalopo pamangidwe kachisi. Haji Shakir wa sitolo ya simenti, amene amalankhulira Asilamu a m'mudzimo, anati nawonso ali ndi wawo amene sanabwereko, ndipo Msilamu satenthedwa. Aikidwe pomwepo, pakhale manda. Chitsimecho chinali pa malo abwino a m'mbali mwa msewu amene analibe mwini, moti womangapo chake ndiye wawatenga. Zimenezo palibe anazitchula, poti nkhani ya malo siikambidwa pamaliro.

Pofika Lachinayi mafupa aja anali atayalidwa pa nsalu yoyera, mbali ina nkhata za maluwa achikasu, mbali ina chinsalu chobiriwira cha kumzikiti. Brijpal anali atajambulitsa kale atakumbatira chigazacho pachifuwa, misozi ili mbwee. Kumbuyo kwa aliyense wa akuluakulu awiriwa kunaima anyamata a zibonga, ndipo pakati pawo panali wapolisi mmodzi wa ambulera amene nkhope yake inkaonetseratu kuti zikavuta athawira kuti.

Sukhai ankaziona zonsezi ali pakhomo pake, ndipo ankachita mantha. Iye anali wa mtundu wa anthu a zikopa, aja makolo awo ankasenda ziweto zakufa ndi kusoka nsapato, amene anthu ena samwera nawo chikho chimodzi. Nyumba zawo khumi ndi imodzi zinali pakati penipeni, Ahindu uku, Asilamu uku. Ulendo watha pamene mbali ziwirizi zinayambana, zaka makumi atatu zapitazo, nyumba zoyamba kupsa zinali zimenezi, chonsecho eni ake sankadziwa n'komwe chimene chinautsa mkanganowo. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo madenga a kwa Sukhai anali audzu ndithu.

Lachisanu m'mawa kunabwera amithenga awiri, wina wa Brijpal wina wa Haji, osayang'anana. Anaima patali ndi khonde n'kunena kuti akufunika kuchitsime akaone kachikwama kaja.

Sizinali zodabwitsa. Sukhai anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi ku Kanpur, m'fakitale yosoka malamba ndi zikwama za asilikali. Atapuma anakhala zaka zina khumi akukonzera zikopa wamalonda wina wogulitsa zinthu zamakedzana, ndipo ankati akangogwira chikopa amadziwa ngati n'chakale zoona kapena achikwirira m'ndowe mwezi watha kuti apusitse alendo. Koma panalinso chifukwa china. Mafupa aja onse anawagwira, ena mpaka kuwapsompsona, koma kachikwama palibe anakakhudza. Anthu a Brijpal ankaopa kuti mwina n'ka chikopa cha ng'ombe, nyama yopatulika kwa Ahindu, a Haji ankaopa kuti n'ka nkhumba. Anachita kukakankhira pa njerwa ndi kamtengo.

"Musapiteko," anatero Kalawati, mkazi wake, akukanda ufa wa tirigu osadzutsa mutu. "Auzeni kuti maso anafa."

"Mayi ake Sunaina, andituma anthu awiri. Ndikakana ndalakwira onse."

"Mukakanena mwalakwira mmodzi, ndipo mmodziyo machesi ali nawo."

"Nanga ndikapanda kunena? Mawa lomweli agwirana, ndipo ayambira pano."

Kalawati anamenya mtanda wa ufa uja kawiri. "Pitani nanga, akatswiri. Inu mukaona chikopa mumaiwala kuti muli ndi khosi."

Sukhai anatenga beseni, mswachi wakale, kansanza ndi magalasi ake omanga ndi ulusi. Panjira anakumana ndi Brijpal, amene anachita ngati zangochitika.

"Iwe Sukhai, wakalamba bwanji. Denga lako lija likadali la udzu?"

"Likadali lomwelo, bwana."

"Nyengo ino udzu sukhalira kugwira moto. Ukaone bwino kachikwamako, usathamange."

Asanafike pachitsime Haji naye anamupatukira, akumwetulira m'ndevu. "Achimwene, inu ndi munthu woona, Mulungu akukuonani. Mkamwini wanu uja akugwira bwino ntchito kusitolo, ndimamukonda mwana ameneyo." Sukhai anathokoza onse awiri mofanana.

Anamuikira mpando wapulasitiki, chinthu chimene sichinachitikepo, koma iye ananjuta pansi pafupi ndi njerwa ija chifukwa ntchito ya chikopa siigwirika uli pampando. Anapempha madzi. Anamuthirira m'beseni kuchokera m'mwamba kuti mtsuko usakhudze beseni lake. Ananyowetsa kansanza, n'kukulunga kachikwama kaja, n'kudikira. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti mkuluyu akuwathera nthawi, koma chikopa chimene chagona m'dongo lonyowa zaka zoposa zana ndi theka ukachifulumiza chimathetheka ngati chikwatu cha mtedza. Kenaka anayamba kutsuka ndi mswachi pang'onopang'ono, ndipo manja atangoyamba ntchito mantha aja anamuchokera.

"Ndi chithumwa chimenecho," anatero wina wa mbali ya Haji. "M'katimo muli mawu a m'Buku."

"Chithumwa cha kwanu chimakhala ndi chivindikiro?" anayankha wina kutsidya. "Muli mikanda yopempherera ya agogo athu."

"Si chithumwa," anatero Sukhai. Mawu ake anali otsika moti anthu anachita kukhalitsana chete. "N'kachikwama ka msilikali woyenda pansi. Mfuti za nthawi imeneyo zinali za gogodela. Ukathira onga ndi chipolopolo kukamwa kwa mfuti, umatenga kachipewa kakang'ono kamkuwa, kochepa ngati nsawawa, n'kuveka pa kamphuno kali apa. Nyundo ya mfuti ikamenya kachipewako m'pamene moto umalowa. Popanda tizipewa timeneti mfuti ndi ndodo chabe. Ndiye ankatisunga patokha, mu aka, pa lamba, kudzanja lamanja. Chikwama cha zipolopolo chimakhala chachikulu, cha chitini m'kati. Aka n'ka tizipewa."

"Chikopacho n'cha chiyani?" anafunsa Brijpal.

Sukhai anachipendeketsa padzuwa, n'kuyendetsa chala pa timabowo ta ubweya. "Njati. Anachifufuta ndi makungwa a mthethe, n'chifukwa chake sichinawole."

Mbali zonse ziwiri mitima inakhala pansi, ndipo anthu anasendera pafupi.

Anawaonetsa msoko. Mabowo a ulusi anali asanu ndi anayi pa inchi imodzi, onse opendekera mbali imodzi, osokedwa ndi manja kuchokera uku ndi uku. Makina amaboola mowongoka, ndipo opanga zabodza masiku ano amatopa, amathera pa mabowo asanu ndi limodzi. Anawaonetsa timakutu tiwiri ta m'mbali totchinga mvula. Anatukula chivindikiro mosamala, ndipo kunsi kwake kunali chidindo cha Kampani, chofufutika koma chooneka.

"N'kenikeni," anatero. "N'ka nthawi ya nkhondo ija."

"Ka Mhindu kapena ka Msilamu?" anafunsa Haji.

"Kampani sinkasoka za Ahindu padera ndi za Asilamu padera, bwana Haji. Onse ankalandira zofanana."

Anyamata a zibonga anayamba kusuntha mapazi. Wapolisi anapinda ambulera yake. Sukhai anatembenuza kachikwamako kuti aone kumbuyo, ndipo apo m'pamene anaima.

Kumbuyo kumakhala kachingwe kachikopa kolowetsapo lamba. Apa kanali kodulidwa, osati koduka ndi ukalamba, koma kodulidwa ndi mpeni wakuthwa, mopingasa, kamodzi n'kamodzi. Kudula kumeneko ankakudziwa. Ngakhale m'masiku ake ku Kanpur, chikwama chikakanidwa kapena chikatha ntchito woyang'anira ankachidula choncho kuti wina asachibwezenso m'nkhokwe. M'mwamba munali mabowo awiri oboola pambuyo pake, ndipo mu limodzi munatsalira kachidutswa ka lamba wopyapyala wokolekera m'khosi. N'chifukwa chake kanapezeka m'nthiti, osati m'chiuno. Kutsogolo, pamene pamayenera kukhala batani lamkuwa, panali mfundo yachikopa yokulunga katatu n'kubisa nsonga m'kati. Bambo ake ankamanga mfundo yomweyo pa nsapato za alimi, ndipo iwonso anaphunzira kwa bambo awo.

Anayang'ana m'kati. Kachikwama ka tizipewa kamakhala ndi ubweya wa nkhosa m'kamwa mwake kuti msilikali akamathamanga tisatayike. Ubweyawo unali wometedwa. Munalibe kachipewa ngakhale kamodzi. Anagwedezera m'chikhatho mwake, ndipo munagwa tizitsulo titatu toboolera chikopa, todyeka ndi dzimbiri, ndi kamtanda kakuda ka phula. M'phulamo munabayidwa ubweya wautali wouma wa pamsana pa nkhumba, umene osoka zishalo a asilikali ankamangirira kunsonga ya ulusi m'malo mwa singano. Phulalo linali ndi tinjira ta ulusi, ndipo mbali imodzi linali lolowa m'kati pamene chala chachikulu chinkagwira tsiku ndi tsiku. Sukhai anaikapo chala chake, ndipo chinakwana.

Chifundo chinamugwira. Gulu lililonse la asilikali linkayenda ndi wosoka wake, munthu wa zikopa, wogona kunja kwa msasa pafupi ndi abulu. Zikwama zokanidwa ankaponyera iyeyo. Ameneyu asilikali ake ataukira sanathawire kwawo. Anapita nawo, akuwasokera malamba ndi nsapato mpaka pachitsime ichi, ndipo chipolopolo chinamupeza pachipumi, osati kunkhongo.

Akanatha kunena kuti sakudziwa, koma zibonga zikanayankha m'malo mwake. Akanatha kusankha mbali, n'kukadikira moto wa mbali inayo. Choona chokha ndicho chikanapulumutsa nyumba khumi ndi imodzi zija, poti mafupa a munthu wa zikopa palibe akanawalimbirana. Koma si nyumba zokha zimene zinali m'mutu mwake. Ananyada. Moyo wake wonse ankamva kuti nkhondo ija inali ya eni minda ndi ana a mafumu, ndipo lero m'chitsime munatuluka wakwawo. Anthuwa anali atanena kale pamaso pa mudzi wonse kuti munthuyu ndi ngwazi, atamulirira, atamuveka maluwa, ndiye anaganiza kuti mawu oterowo sangawamezenso. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wobadwira pa Sirsanda pomwepo, anaganiza zimenezo.

Anaimirira, mawondo akulira, n'kutambasula chikhatho.

"Mabwana, kachikwamaka n'ka asilikali, koma mwini wake sanali msilikali. Kanadulidwa apa, kanakanidwa. Ankakavala m'khosi, n'kumasungamo zida zake. Izi n'zoboolera, ili ndi phula, uwu ndi ubweya wosokera. Munthuyu anali wosoka zikopa wa gulu lija. Ndi wa kwathu."

Khwangwala analira pa mtengo wa nimu.

"Ubweya wa chiyani?" anafunsa Haji.

"Wa nkhumba, bwana. Ndi umene unkalimba."

Haji anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, akupukuta manja pa mkanjo wake. Mnyamata wina amene Lachitatu anapsompsona chigaza anayamba kulavula, n'kulavulanso, mpaka anzake anamuseka. Brijpal anayang'ana malaya ake pachifuwa ngati pagwera chitosi.

"Bwana Singh," anaitana wina wa mbali ya Haji, "tengani agogo anu, musachite manyazi. Si munawalirira dzana?"

"Agogo a ndani? Ndi a Haji awa, anawafunditsa nsalu ya kumzikiti."

"Ife tawasiyira inu. Akakusokereni nsapato kumwambako."

Anaseka chikhakhali, uku ndi uku, Ahindu ndi Asilamu pamodzi, koyamba sabata yonseyo. Zibonga zinatsika n'kusanduka ndodo zoyendera. Wapolisi anatambasulanso ambulera yake n'kuyamba kufunsa kumene angapeze tiyi. Sukhai anaona kuti nyumba zapulumuka, ndipo anadikira kuti mtima wake usangalale, koma sunatero.

"Bwana," anatero kwa Brijpal, "komatu anafa nkhondo yomweyo. Taonani pamene chinalowera chipolopolo. Sanathawe munthuyu."

"Abulu onyamula katundu nawonso anafa nkhondo yomweyo. Tiwamangire kachisi?"

"Ngakhale kamwala chabe, bwana. Kolemba kuti pano panagona munthu."

"Dzina lake ndani?"

Sukhai anatembenuza kachikwama kaja, koma panalibe polembedwa dzina.

"Waona nanga. Tamvera, Sukhai, wagwira ntchito yabwino, usaionongenso ndi pakamwa. Chotsa zimenezi dzuwa lisanapendeke, anthu akufuna ngalande. Kuchotsa zakufa ndi ntchito yanu kale. Koma usapite nazo kumene timatenthera maliro ife, upite nazo kuseri kwa uvuni wa njerwa kumene mumataya anzanu." Anayamba kuchoka, kenaka anatembenuka. "Kachikwamako wanena wekha kuti n'kenikeni, ka Kampani. Ukhutule zonyansazo, ukapukute bwino, mawa ubwere nako kunyumba. Ndikaika m'galasi pafupi ndi lupanga la agogo."

Sukhai anayang'ana kachikwamako, n'kuyang'ana kumene kunali nyumba zija.

"Chabwino, bwana," anatero.

Anthu anabalalika mofulumira kuposa mmene anasonkhanira. A Brijpal anatsikira kumtsinje kukasamba ndi zovala zomwe, wansembe wawo ali patsogolo. A Haji analowera kumpopi wa kumzikiti. Maluwa ndi nsalu yobiriwira anazisiya pomwepo chifukwa zinali zitadetsedwa. Mbuzi ya wina inabwera n'kuyamba kudya nkhata imodzi.

Kalawati anafika atasenza dengu. Nkhani inali itamupeza kale. Sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale mwamuna wake ankayembekezera zimenezo ndipo zikanamupepukira. Anatula dengu, n'kuyalamo nsalu yake yatsopano imene ankasungira ukwati wa mdzukulu. Anayang'ana chigaza chija nthawi yaitali. Kenaka anakokera mpango kumaso, anakhala pansi m'fumbi, n'kuyamba kulira maliro mokweza monga alirira akazi a kwawo, akumutcha munthuyo mlamu poti dzina panalibe. Analira yekha. Akazi ena a nyumba khumi ndi imodzi zija anaima m'makomo mwawo akumvera, koma anaopa kuoneka.

Sukhai ankaika mafupa m'dengu mwadongosolo, miyendo pansi, nthiti pamwamba. Atafika pa manja anaona kuti sanakwane. Anthu aja potola anatola zikuluzikulu zooneka bwino pa chithunzi. Dzanja lamanzere linalipo pang'ono, koma lamanja kunalibe ngakhale chala chimodzi. Anavula nsapato n'kutsikira m'dzenje. Matope anamufika m'mawondo. Anayamba kufufuza ndi manja, akufinya dongo pang'onopang'ono, chifukwa mafupa a zala ndi aang'ono ndipo m'matope sasiyana ndi timiyala.

Kumwamba injini inalira.

"Madala, tulukanimo," anakuwa woyendetsa makina. "Ndataya masiku atatu ine."

"Dikirani pang'ono, achimwene. Dzanja lake silinapezeke."

"Dzanja alitani? Akukasoka kumeneko?"

"Pang'ono pokha."

"Andiuza kuti pofika madzulo ndikhale nditadutsa msewu. Ndikuwerengerani mpaka khumi, mukapanda kutuluka ndikukwirirani limodzi ndi m'bale wanuyo."

Sanawerenge n'komwe. Chimkono cha makina chinadzuka, dothi likuyoyoka m'mano mwake, n'kuima pamwamba pa dzenje. Sukhai anapeza kafupa kamodzi, kenaka kachiwiri, n'kutiika m'kamwa chifukwa manja onse ankafunika. Kalawati anasiya kulira, anagwada m'mphepete n'kumugwira kolala ya malaya.

"Bambo ake Sunaina, tulukani. Amenewo akwana."

Anamukoka mpaka anatuluka chokwawa. Chimkono chija chinatsika, chinatapa matope onse a pansi pa chitsime ulendo umodzi, n'kukawakhuthulira pa mulu wa dothi lokwirira msewu. Sukhai analavulira timafupa tiwiri tija m'chikhatho, n'kutitsuka m'beseni. Kamodzi kanali ka chala. Kachiwiri kanali kamwala.